Kapangidwe ka kabokosi kofiira ka makalata ka pa tebulo la sitima zazing'ono

Munthu akamamanga kachifaniziro ka tauni ya ku Britain pa tebulo la sitima zazing'ono za panjanji, ndalama ndi nthawi zimathera pa mainjini, mabogi, njanji ndi siteshoni. Msewu umabwera pomaliza, ndipo kawirikawiri umatsala wopanda kanthu: nyumba zilipo, galimoto ziwiri zilipo, koma mlendo akayang'ana sadziwa kuti ali dziko liti kapena chaka chanji. Kabokosi kofiira ka makalata, kotalika mamilimita 20 okha, kamayankha mafunso onse awiri. N'chifukwa chake ndimati kapangidwe mosamala, ndipo musanagwire mpeni muyambe mwadziwa chaka chimene tauni yanu ikuimira.

Yambani ndi chaka

Mabokosi oima okha m'mbali mwa msewu, amene eni ake amawatcha pillar box, anayambira ku St Helier pa chilumba cha Jersey mu 1852, ndipo chaka chotsatira anafika ku Carlisle, ku England. Sanali ofiira nthawi zonse ayi. Kuyambira 1859 ankapentedwa mtundu wobiriwira, anthu n'kumadandaula kuti saoneka msanga, mpaka mu 1874 pamene anayamba kuwapaka utoto wofiira, kuyambira ku London, ntchito imene inatenga zaka pafupifupi 10. A makona 6 otchedwa Penfold anapangidwa kuyambira 1866 mpaka 1879, kenako panabwera obulungira amene tikuwadziwa lerowa.

Chimene chimaulula zaka za bokosi ndi zilembo za mfumu zimene zili pa chitseko chake. VR ndi za Mfumukazi Victoria, GR yopanda nambala ndi ya George V amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936, GR yokhala ndi VI pakati ndi ya George VI, ndipo EIIR ndi ya Elizabeth II kuyambira 1952 mpaka 2022. Lamulo lake n'losavuta: bokosi lakale likhoza kuima m'tauni yatsopano, chifukwa ena a Victoria akugwirabe ntchito mpaka lero, koma latsopano silingaime m'tauni yakale. Ngati pa njanji yanu pakuyenda injini za kampani ya sitima ya Great Western Railway za m'ma 1930, bokosi la EIIR palibe chimene likufuna pamenepo. Ngati ndi nthawi ya British Railways, bungwe la boma la sitima, injini zamalasha zisanasiye ntchito mu 1968, muli ndi ufulu wosankha lililonse mwa amenewa. Amene mukumanga tauni ya ku Scotland samalani: kumeneko anthu anakana zilembo za EIIR, poti Elizabeth woyamba sanalamulirepo Scotland, ndipo mabokosi a kumeneko a nthawi imeneyi amangokhala ndi chisoti chachifumu cha Scotland.

Mukasankha, pezani zithunzi ziwiri za bokosi lenileni la mtundu womwewo, china chojambulidwa kutsogolo, china m'mbali. Musadalire kukumbukira. Mutu umakonda kunenepetsa chipewa cha pamwamba pa bokosi ndi kukulitsa kamwa loponyera makalata.

Miyeso

Ndifotokoza za sikelo ya OO, imene ndi yofala ku Britain: mamilimita 4 amaimira futi imodzi, kapena kuti 1 pa 76. Bokosi lenileni limatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndiye lathu likhala mamilimita 20 kapena 21. Obulungirawa alipo a misinkhu iwiri: lalikulu lotchedwa Type A, la masentimita pafupifupi 49 m'mimba mwake, ndi locheperako la Type B, la masentimita pafupifupi 39. Mukagawa ndi 76 mupeza mamilimita 6.4 ndi 5.1. Mwayi wake ndi wakuti timachubu tapulasitiki ta makampani a Evergreen ndi Plastruct timapezeka ta kota ya inchi, imene ndi mamilimita pafupifupi 6.4. Ka mamilimita 4.8 kamakwanira pa Type B, makamaka mukakaveka chitseko ndi utoto.

A sikelo ya HO, 1 pa 87, muchepetse: msinkhu mamilimita 17, m'mimba 5.6 kapena 4.5. A sikelo ya N ya ku Britain, 1 pa 148, bokosi lanu ndi la mamilimita 10 okha ndipo zambiri zimene ndinene pansipa mungozionetsa ndi utoto.

Muyeso wina wofunika kuposa lula ndi kachidole ka munthu ka sikelo yanuyo. Kaikeni pafupi nthawi yonse mukugwira ntchito. Nsonga ya bokosi izifika cha m'phewa kapena m'chibwano mwake, ndipo kamwa lizikhala poti munthu angaponye kalata osawerama, osanyanyamphira.

Zofunika kukhala nazo

Kachubu kapulasitiki kaja, mapepala apulasitiki a mtundu wa styrene okhuthala milimita imodzi ndi ena opyapyala a 0.25, kachidutswa ka waya wamkuwa wa milimita imodzi, phala lomatira la Milliput limene limabwera mbali ziwiri zoti musakanize, guluu wamadzi wosungunula pulasitiki, supagulu, mpeni wa nsonga yakuthwa kapena lumo latsopano, katupa kakang'ono ka makona atatu, sandipepa wa nambala 400 ndi 800, timabiti ta dirilo ta 0.5 ndi 1, ndi dirilo yamagetsi imene liwiro lake limatsika. Ngati kumene muli kulibe sitolo ya zoterezi, musagwe mphwayi. Kamtengo kobulungira ka msinkhu woyenera kamagwira ntchito, bola mukapake supagulu wopyapyala kuti mizere ya mtengo itsekeke, n'kukapala kakauma. Khadi yakale yapulasitiki imalowa m'malo mwa pepala lokhuthala lija, koma imafuna supagulu chifukwa guluu wamadzi saigwira.

Thunthu ndi tsinde

Dulani kachubu kotalika mamilimita 18. Musakadule ndi sowo, kamaphwanyika m'mphepete. Kagonekeni pa thabwa, ikani mpeni pa chizindikiro, kenako kagubuduzeni uku ndi uku mpeni uli pomwepo mpaka mzere uzungulire wonse, n'kukathyola ndi zala. Yalani sandipepa pa galasi kapena pa tailosi, imikani kachubuko ndipo kapukuteni mozungulira kuti mbali zonse ziwiri zikhale zolunjika. Kakapendekeka pano kadzapendekeka mpaka kalekale.

Kandani Milliput pang'ono, mbali zake ziwiri zofanana, mpaka mtundu ukhale umodzi. Tsekani nayo kumunsi kwa chubu kufika theka, osadzaza mpaka pamwamba chifukwa malo a kamwa ayenera kukhala opanda kanthu. Isanaume, lowetsani waya wamkuwa pakatikati, mamilimita 15 atsalire kunja. Wayayu ali ndi ntchito zitatu: mudzagwirira pamenepo popala chipewa, popenta, ndipo pomaliza ndi amene adzazike bokosi pa tebulo. Onetsetsani kuti waima chilili, n'kusiya usiku wonse.

Tsinde lakuda la bokosi limatuluka pang'ono kuposa thunthu. Dulani kalamba ka pulasitiki yopyapyala, mamilimita 3 m'lifupi ndi 22 m'litali. Kakulungeni kaye pa chogwirira cha kaburashi ndi kukafinya ndi zala kuti kazolowere kupindika, apo ayi kadzafunyululuka guluu asanagwire. Kazungulizeni kumunsi kwa chubu, dulani potsalira kuti nsonga zikumane popanda kukwerana, ndipo polumikizapo pakhale kumbuyo. Guluu wamadzi mungogusa ndi nsonga ya kaburashi m'mphepete, amalowa yekha. Akachuluka amasungunula pulasitiki yopyapyalayi ndipo chala chanu chimasiyapo chidindo.

Chipewa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Diso limazindikira bokosi la ku Britain ndi chipewa chake: chimatuluka pang'ono kunja kwa thunthu, m'mphepete mwake muli timano tozungulira, ndipo pamwamba pamakwera pang'onopang'ono ngati chivundikiro cha poto, osati ngati mpira wodula pakati. Ambiri amachikweza kwambiri, bokosi n'kuoneka lachilendo ngakhale zina zonse zili bwino.

Dulani kabwalo ka mamilimita 7.5 pa pulasitiki ya milimita imodzi. Chobowolera zikopa cha msinkhu woyenera chimathandiza, koma mukhoza kudula kachidutswa ka makona anayi, n'kusadza makonawo ndi mpeni, chifukwa kubulungira kwenikweni kudzabwera pa dirilo. Kamateni pamwamba pa chubu, pakatikati momwe mungathere. Pamwamba pake ikani kampira ka Milliput kochepa kwambiri, mukafinye ndi chala chonyowa mpaka kafike m'mphepete, pakati pakhale potalika mamilimita 1.5 basi. Madzi amasalaza Milliput bwino kuposa chida chilichonse. Dikirani kaume kotheratu, chifukwa kosauma kamamatirira ku sandipepa n'kuzuka.

Tsopano mangani waya uja m'kamwa mwa dirilo, thunthu ligunde pafupi ndi kamwalo kuti waya asapindike. Valani magalasi oteteza maso. Yatsani pa liwiro lotsika, ndipo gusitsani sandipepa wa 400 womatidwa pa kathabwa m'mphepete mwa chipewa mpaka kugwedezeka kuthe. Musakanikize. Pulasitiki ikatentha imafewa n'kukulungika, ndiye gusani pang'ono, chotsani, gusaninso. Mphepete ikabulungira, pendeketsani kathabwako kuti musalaze phiri la pamwamba, n'kumalizira ndi 800. Mukadali pomwepo, gusitsani msana wa nsonga ya mpeni pa thunthu, milimita imodzi pansi pa chipewa, dirilo ikuzungulira: patuluka kamzere kozungulira kooneka ngati mkombero wachitsulo umene umakhala pamenepo.

Timano ta m'mphepete muchite ndi dzanja. Zimitsani dirilo koma bokosi likhalebe momwemo, ndi chogwirira chabwino. Ndi katupa ka makona atatu, dulani kamphako kamodzi, tembenuzani theka n'kudula kena moyang'anizana, kenako pakati pa timeneti, kenako pakatinso, mpaka mpata wa pakati pa timano ukhale pafupifupi milimita imodzi. Mukayamba mbali imodzi n'kumangotsatiza, pofika kumapeto mupeza mpata wosakwana kapena wotsala. Chiwerengero cha timano sichifika pa cha bokosi lenileni, ndipo palibe amene adzawerenge. Chofunika n'chakuti tikhale tofanana kuti kuwala kuzigwera mofanana.

Kamwa, chitseko ndi kachikwangwani

Lembani ndi pensulo mzere wowongoka kutsogolo, kuchokera pa chipewa mpaka pa tsinde, kuti zonse zitsatire pamenepo. Mamilimita 2.5 pansi pa chipewa, boolani timabowo tiwiri ta 0.5, totalikirana mamilimita 2.5, ndi kabiti kogwira pa zala, osati pa dirilo yamagetsi. Lumikizani timabowoto ndi nsonga ya mpeni pang'onopang'ono. Poti mkati mwatsala mphako, kamwa lidzaoneka lakuda palokha, ndipo mdima weniweni umaposa mzere wa utoto wakuda. Pamwamba pa kamwa matani kachidutswa kopyapyala ka mamilimita 3.5 m'litali ndi theka la milimita m'lifupi, kotulukira kunja. Ndiko kadenga koletsa mvula, ndipo kamthunzi kake kamapatsa bokosi nkhope.

Chitseko chidalira zaka. Pa mabokosi obulungira a Victoria kamwa lili pamwamba, chitseko chikuyambira pansi pake. M'nthawi ya Edward VII anasintha, chitseko chinatalika n'kutenga kamwa lomwe, kuti makalata asamakodwe pamwamba. Njira yosavuta ndi kukanda mizere ya chitseko ndi nsonga ya singano, mutamata tepi yokhuthala ngati chotsogolera. Chikhale cha mamilimita 4 m'lifupi, kutsika mpaka pamwamba pa tsinde. Kandani kawiri kapena katatu mopepuka, kusiyana ndi kamodzi mwamphamvu, chifukwa singano imaterereka pa chinthu chobulungira.

Kachikwangwani koyera kosonyeza nthawi yotengera makalata kamakhala pansi pa kamwa. Konzani kapepala koyera ka mamilimita 2 ndi 2.5, mulembepo timizere titatu ndi pensulo yosongoka bwino, koma musakamate panopa, kadikire utoto.

Zilembo za mfumu zimavutitsa anthu pachabe. Pa bokosi lenileni ndi zotukuka pa chitsulo, ndipo nthawi zambiri zimakwiririka ndi utoto wofiira womwewo. Musazipake golide pokhapokha chithunzi chanu chikusonyeza choncho. Viikani nsonga ya singano mu guluu woyera wa matabwa ndi kulemba zilembozo pansi pa malo a kachikwangwani, zotalika mamilimita 2, kadontho ka chisoti pamwamba pake. Zikapanda kukongola, pukutani ndi kansalu konyowa muyambirenso. Guluu akauma amasiya kamtunda kochepa kamene kamaonekera utoto ukapita. GR ndi VR n'zotheka ndi dzanja. EIIR ndi yothina, ndipo amene akufuna yooneka bwino angagule timapepala tomata tonyika m'madzi topangidwira sikelo imeneyi. Mawu a POST OFFICE a m'munsi mwa chitseko ine ndimangowasiya, pa sikelo iyi zilembo zake sizifika ndi milimita imodzi yomwe.

Kupenta

Tsukani kabokosi ndi madzi a sopo, kaume, ndipo kuyambira pano muzigwira waya yekha. Utoto wofiira ndi wopyapyala, umaonetsa chimene chili pansi pake. Pa pulaima (utoto woyamba wa pansi) yakuda umasanduka wa khofi, pa yotuwa umazirala. Pakani pulaima yoyera, kamodzi, mopyapyala kuti timano ndi mizere ya chitseko zisakwiririke. Ikauma yang'anani ndi galasi lokulitsa, chifukwa apa ndi pamene mabala a sandipepa ndi mpata wa polumikiza tsinde zimaonekera. Konzani zimenezo kaye.

Utoto wofiira wa kampani ya Humbrol nambala 19 ndi wowala ndipo umafanana ndi bokosi longopentedwa kumene. Nambala 60 ndi wosanyezimira, ndipo ndi umene ndingakulangizeni. Chinthu chaching'ono chikanyezimira kwambiri chimaoneka chidole, pamene bokosi lenileni mukaliona patali, kunyezimira kwake kumakhala kutachepa kale. Sungunulani utoto pang'ono ndipo pakani katatu mopyapyala, kudikira kuti uume pakati pake. Woyamba udzaoneka wa mawangamawanga, musade nkhawa ndipo musaonjezere pomwepo.

Tsinde lipakeni wakuda wosanyezimira, nambala 33. Simufunika tepi, mphepete ya kalamba kaja itsogolera kaburashi. Kenako sungunulani kadontho ka utoto wa khofi wakuda m'madzi kapena mu thina, malinga ndi mtundu wa utoto wanu, mpaka kangotsala mthunzi chabe. Gusitsani pansi pa chipewa, m'timano, m'mizere ya chitseko ndi mozungulira zilembo, wotsala mupukute ndi kaburashi kouma. Zilembo za guluu zija zitulukira pamenepo. Matani kachikwangwani ndi guluu woyera, osati supagulu amene nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa utoto. Malizani ndi vanishi wowala pang'ono chabe.

Tauni ya mafakitale ya nthawi ya malasha inali ya mwaye, ndiye pamwamba pa chipewa padetsedwe pang'ono ndi ufa wa choko chakuda. Koma musapitirire muyeso, mabokosi amenewa ankapentedwa kawirikawiri, ndipo mu msewu wakuda ndi utsi bokosi ndilo linkakhala chinthu chowala. Ngati tauni yanu ili m'zaka za nkhondo, 1939 mpaka 1945, tsinde lipakeni loyera: ankatero kuti anthu asawombane nalo usiku magetsi a mumsewu atazimitsidwa. Mabokosi a buluu a makalata a pa ndege analipo kuyambira 1930 mpaka 1938, m'malo ochepa a m'mizinda. A golide ndi a 2012, opentedwa polemekeza amene anapata mendulo zagolide pa masewera a Olimpiki ndi Paralimpiki a ku London. Ku Ireland, kuyambira 1922, mabokosi omwewa anapakidwa wobiriwira, ena zilembo za mafumu a ku Britain zikadali pomwepo.

Kuzika pa tebulo

Bokosi labwino loikidwa pamalo olakwika limaononga msewu. Malo ake ndi pa kanjira ka anthu oyenda pansi, pafupi ndi mphepete mwa msewu, pa mphambano, kutsogolo kwa positi ofesi kapena pa bwalo la siteshoni. Kamwa liloze kumene munthu angaime bwinobwino, osati kumene angafunike kutsikira mumsewu. Poti owonera amaima mbali imodzi ya tebulo, sankhani mbali ya msewu imene ilola kuti kamwa ndi kachikwangwani zionekere kwa iwo. Siyani mpata woti kachidole kokankha ngolo ya mwana kadutse pakati pa bokosi ndi khoma.

Boolani bowo la milimita imodzi, fupikitsani waya atsale mamilimita 8, lowetsani osamata kaye. Tsitsani diso lifanane ndi msewu, yang'anani kutsogolo ndi m'mbali, mukuyerekeza ndi ngodya ya nyumba yapafupi. Likapendekeka, pindani waya pang'ono. Bokosi lenileni linakwiriridwa pansi ndithu, choncho pasaoneke mpata pakati pa tsinde ndi nthaka. Kadontho ka guluu woyera wosakaniza ndi utoto wotuwa kamatseka mpatawo. Amene amanyamula tebulo lawo kupita nalo ku zionetsero angasiye osamata, kuti azizula ponyamuka.

Limodzi likwanira pa tauni yaing'ono. Siteshoni ya kumudzi siyenera kukhala ndi bokosi lalikulu chotere. Kumeneko kunkakhala la m'khoma, mtundu umene unayamba mu 1857, ndipo ndi losavuta kupanga: kapulasitiki ka theka la milimita, mamilimita 4 m'lifupi ndi 10 m'litali, kadenga pamwamba pa kamwa, kachikwangwani, utoto wofiira, n'kumata pa khoma la siteshoni kapena la sitolo. Kapena kabokosi komangirira pa mtengo wa nyale kapena wa mawaya a telefoni, kamene kanayamba mu 1896: kachidutswa ka mamilimita 3 ndi 3 ndi 6, pamwamba popalidwa mokhota, komangidwa ndi timalamba tiwiri ta waya wopyapyala.

Amene njanji yanu ndi ya ku America pa sikelo ya HO, bokosi lanu ndi lina: la makona anayi, denga lokhota, timiyendo tinayi, lotalika pafupifupi mamilimita 14 ndi 6 m'lifupi. Dulani kachidutswa ka pulasitiki ka makona anayi, palani pamwamba pakhote kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, timiyendo mupange ndi tizidutswa ta milimita imodzi m'makona. Nkhani ya chaka ndi yomweyo: lisanafike 1955 linali lobiriwira ngati yunifolomu ya asilikali, kuyambira 1955 linali la buluu pansi, lofiira pamwamba ndi zilembo zoyera, ndipo la buluu yekhayekha ndi la kuyambira cha mu 1971, pamene United States Postal Service inayamba ntchito.